Kuchoka pa njinga ya kumudzi kukafika ku Tour de France: njira yake imayenda chonchi

Pa 1 Julayi 2024, mumzinda wa Torino ku Italy, Biniam Girmay wa ku Eritrea anadutsa pamzere womalizira ali patsogolo pa onse, n'kukhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana chigawo cha tsiku limodzi cha Tour de France, mpikisano wa njinga wa masabata atatu. Pomatha masabata atatuwo anali atapambana zigawo zitatu, ndipo anabwerera kwawo ndi malaya obiriwira a katswiri wa liwiro. Usiku umenewo pagulu lathu la opalasa njinga la pa WhatsApp panali phokoso, ndipo wina analemba zimene timakonda kunena tonse: "Akabaza akwathu kuno atangopatsidwa njinga ngati imeneyo, azunguwo angalire."

Mawuwo amakoma m'khutu, koma ndi oona theka lokha. Miyendo ilipo, ndipo amene anaonapo bambo akukwera chitunda ndi matumba atatu a makala pakaliyala sangatsutse. Kungoti ntchito yopalasa njinga m'mipikisano salemba munthu poona akatumba. Girmay anabadwa mu 2000 ku Asmara, mzinda umene anthu amakonda mpikisano wa njinga ngati mmene ife timakondera mpira. Mu 2018 anali kale kusukulu ya njinga ku Aigle, ku Switzerland. Mu 2020 anasaina ndi timu ya ku France, mu 2021 n'kulowa mu ligi yaikulu. Khomo lililonse linatseguka panthawi yake, ndipo makomo amenewa satseguka kawiri.

Werengani zaka zanu kaye

Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, UCI, limagawa opalasa potengera zaka. A zaka 17 ndi 18 amatchedwa ma junior. Kuyambira 19 mpaka 22 muli m'gulu la under-23. Kupitirira pamenepo ndinu wamkulu, mukulimbana ndi aliyense. Amawerenga chaka chimene munabadwa, osati tsiku, choncho wobadwa mu Disembala ndi wobadwa mu Januwale wa chaka chomwecho ndi a msinkhu umodzi.

Matimu akuluakulu masiku ano akusaka ana. Remco Evenepoel wa ku Belgium anachoka ku ma junior n'kulowa mu ligi yaikulu ali ndi zaka 19. Tadej Pogačar anapambana Tour de France ya 2020 ali ndi zaka 21. Ngati muli ndi zaka 14, 15 kapena 16, nthawi yanu ndi ino, m'mera mpoyamba. Ngati mwakwanitsa 24 ndipo simunalowepo mumpikisano, ndikuuzeni mosapita m'mbali: palasani chifukwa mumakonda, pikisanani kwathu konkuno, koma musagulitse munda wa makolo. Ena adzakutchulirani Primož Roglič, amene anayamba njinga atapitirira zaka 20 koma anapambana Vuelta a España, mpikisano waukulu wa ku Spain, kanayi. Iwo amaiwala kuti iye anali kale katswiri wa masewera olumpha pa chipale, ndipo kwawo ku Slovenia n'kuchipinda ndi Italy, kumene mipikisano ili paliponse.

Njinga: musadikire ya mamiliyoni

Yambani ndi njinga yothamangira yakale, ya mahandulo opindikira pansi, ngakhale yogula kwa munthu. Ya aluminiyamu ndi yokwanira. Akatswiri amapalasa za kaboni, ndipo lamulo limati njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, koma mwana wa zaka 16 sagonja chifukwa njinga yake ikulemera makilogalamu 10. Amagonja chifukwa ndi yaikulu kapena yaing'ono kwa iye. Poyeza chishalo, khalanipo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke popanda kupendekeka m'chiuno. Chishalo chotsika ngati cha njinga ya kuchigayo chimapha mawondo.

Chisoti musachinyoze. UCI inalamula kuti aliyense azivala mu 2003, Andrei Kivilev wa ku Kazakhstan atagwa n'kumwalira pampikisano wa Paris-Nice. Kabudula wa njinga, uja wokhala ndi siponji pansi, amavalidwa popanda chamkati, ndipo amachapidwa tsiku lililonse, apo ayi zithupsa za pachishalo zikugonekani sabata yathunthu. Phunzirani kumata chubu, kulumikiza tcheni, kusintha magiya ndi kuwongola limu pokunga masipoko. Matayala a njinga zothamangira, a saizi ya 700c, simuwapeza pa okala iliyonse ya zipangizo za njinga, ndiye mukawaona gulani awiri.

Phunzirani kupalasa m'chigulu

Apa m'pamene pali nkhani yonse, ndipo m'pamene amphamvu ambiri amathera. Pa njinga mdani wamkulu ndi mphepo. Amene ali kumbuyo kwa mnzake, tayala lake lili pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa tayala la wapatsogoloyo, amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Amene wabisala pakati pa chigulu cha anthu 150 amapulumutsa zoposa apo. N'chifukwa chake mpikisano supambanidwa ndi amene wapalasa kwambiri tsikulo. Kawirikawiri amapambana ndi amene wapalasa pang'ono kuposa anzake mpaka nthawi yoyenera itakwana.

Ine ndinaphunzira ndi khungu langa. Tsiku loyamba kulowa mumzere wa anthu khumi ndi awiri, maso anga anali pa tayala la wapatsogolo, osaphethira. Iye ataimirira pa mapedulo poyamba kachitunda, njinga yake inabwerera m'mbuyo pang'ono, monga zimachitira nthawi zonse, tayala langa n'kukhudza lake. Ndinangozindikira ndili pansi, chigongono chili psuu, botolo langa likugubuduzikira m'ngalande, ndipo anzanga awiri a m'mbuyo akutukwana ali pamwamba panga. Mkulu wina wa m'gululo, akundithira madzi pabalapo, anangoti, "Aphwanga, tayala saliyang'ana. Uziyang'ana msana wa mnzako ndi msewu wa kutsogolo kwake."

Choncho pezani kalabu kapena gulu lililonse limene limapalasa Loweruka m'mawa, ndipo musamajombe. Phunzirani izi chimodzichimodzi mpaka zilowe m'magazi. Musalole tayala lanu lakutsogolo kulowa m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu. Musamange mabuleki mwadzidzidzi. Ngati mwayandikira kwambiri, tulukani pang'ono m'mbali mphepo ikuchepetsereni liwiro. Ikafika nthawi yanu yotsogolera, musathamangitse kuti akutameni: sungani liwiro lomwelo, kenako gwedezani chigongono, patukani, mutsike mpaka kumapeto kwa mzere. Lozerani anzanu maenje ndi dzanja. Phunzirani kumwa madzi, kudya, kuvula jekete ndi kucheuka njinga osagwedezeka. Mphepo ikamawomba cham'mbali, ngati mwera wa mu Juni, mzere umapendekeka mopingasa msewu, ndipo amene wasowa malo amatsala yekha pamphepo. Ku Belgium ndi ku Netherlands mipikisano yathunthu imathera pamenepo.

Pokhota ndi potsetsereka, mangani mabuleki musanalowe pakona, pedulo yakunja ikhale pansi, kulemera kwanu kukhale pa iyo, maso kumene mukupita. Musachite nazo masewera. Gino Mäder wa ku Switzerland, katswiri weniweni, anamwalira mu Juni 2023 atagwa potsetsereka pampikisano wa Tour de Suisse.

Kukonzekera kwa tsiku ndi tsiku

Akatswiri amapalasa maola 20 mpaka 30 pa sabata, makilomita pafupifupi 30,000 pa chaka. Inu musayambire pamenepo. Wa zaka 15 kapena 16 amene ali pasukulu, maola 8 mpaka 10 akwana, n'kumawonjezera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Cholakwa cha pafupifupi aliyense n'chakuti tsiku lililonse amalisandutsa mpikisano. Masiku ambiri palasani mofatsa, moti mutha kucheza ndi mnzanu osabanika. Masiku awiri okha pa sabata ndiwo owawa: kukwera chitunda cha mphindi zisanu kasanu, kapena cha mphindi 20 kawiri, mukupuma potsika. Tsiku limodzi njinga ikhale m'nyumba. Gwiritsani magiya opepuka, miyendo izizungulira pafupifupi ka 90 pa mphindi. Chizolowezi chokankha giya yolemba chija, chimene tinatengera ku njinga zonyamulira katundu, chisiyeni.

Zitunda tili nazo zoti mzungu angachite nazo nsanje. Msewu wokwera ku Zomba Plateau, wa Khwekhwerere wochoka ku Golomoti, wa Chiweta, ndi wokwera kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre, yonseyi ndi sukulu yaulere. Kukhala pamalo okwera kumathandizanso magazi kunyamula mpweya wambiri. Asmara ali pamtunda wa mamita oposa 2,300, ndipo matimu a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kukagona paphiri la Teide ku Tenerife kufunafuna zomwezo. Wa ku Dedza ali ndi mwayi umene sakuudziwa. Koma nyamukani mbandakucha, malole ndi maminibasi asanachuluke, valani zowala, ndipo pa M1 musamadzione ngati muli ndi ufulu.

Lembani zonse. Ikani Strava, pulogalamu yolemba maulendo anu a panjinga, pafoni, ndipo mukapeza ndalama gulani kalamba koyezera kugunda kwa mtima. Chipangizo choyezera mphamvu ya miyendo n'chodula, koma ngati wina m'kalabu ali nacho, bwerekani muyezetse: palasani mphindi 20 ndi mphamvu zanu zonse, mugawe mawatsi anu (muyezo wa mphamvu umene chipangizocho chimaonetsa) ndi kulemera kwa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 60 amene watulutsa mawatsi 300 ali pa 5. Akatswiri okwera mapiri amafika cham'ma 6 kwa theka la ola kapena kupitirira, atapalasa kale maola anayi. Nambala imeneyi ndi chiyankhulo chimene kochi wa ku Spain kapena ku France amamva ngakhale sanakuoneni nkhope.

Idyani

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, phala, nyemba, mazira, usipa: palibe chosowa kwathu. Vuto ndi loti anyamata amanyamuka m'mimba muli gwaa, n'kukakomoka pa kilomita ya 70. Ulendo ukapitirira ola ndi theka, idyani muli panjinga pomwepo, magalamu 60 kapena kuposa a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse. Nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25. Botolo la madzi lothira shuga ndi kamchere pang'ono limagwira ntchito yomweyo imene amagwira maufa odula aja. Akatswiri masiku ano amafika mpaka 120 pa ola, koma m'mimba mumafunika kuzoloweretsa. Musadzimane chakudya kuti muonde. Ndipo thupi likatentha, kayezetseni malungo, njinga iyambe yadikira. Kupalasa muli ndi malungo kapena chimfine chotentha thupi n'kuika mtima pangozi.

Mapepala

Popanda laisensi ya bungwe la njinga la dziko lanu, kwa UCI kulibe munthu wa dzina lanu. Ku Malawi pitani ku Cycling Federation of Malawi, ndipo ngati muli ku Zambia, Zimbabwe kapena South Africa pitani ku bungwe la kumeneko. Pezani pasipoti isanafunike, chifukwa kalata yokuitanani ikabwera sipereka miyezi itatu. Onetsetsani kuti tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina n'zofanana pa chiphaso chobadwira, pa chitupa cha unzika, pa pasipoti ndi pa laisensi. Kachilembo kamodzi kosiyana kangakubwezeni pabwalo la ndege.

Onekani

Pambanani kwanu kaye, chifukwa timu ya dziko ndiyo galimoto yoyamba yotulukira kunja. Malawi anatumizapo opalasa njinga ku masewera a Commonwealth ku Glasgow mu 2014, choncho khomo limeneli si loto. Mpikisano wa akatswiri a mu Africa umachitika chaka ndi chaka, ndipo uli ndi magulu a ma junior, anyamata ndi atsikana. Kumeneko n'kumene makochi a sukulu ya UCI ya ku Paarl, ku South Africa, amaonera ana, ndipo ochita bwino amatha kupita ku Aigle. Daniel Teklehaimanot anadutsa ku Aigle asanakavale malaya a madontho ofiira a katswiri wa mapiri pa Tour de France ya 2015, akupalasira timu ya ku South Africa ya MTN-Qhubeka.

Mpikisano waukulu mu Africa ndi Tour du Rwanda, umene umachitika cham'ma Febuluwale, ndipo matimu a ku Ulaya amabwera. Joseph Areruya anaupambana mu 2017, chaka chotsatira n'kupezeka ali ndi timu ya ku France. Mu Seputembala 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse, koyamba mu Africa, ndipo Pogačar ndiye anapambana wa amuna. Zotsatira za mipikisano yovomerezeka ndi UCI zimalembedwa pa webusaiti ya ProCyclingStats, pamene aliyense wofuna kukulembani amayamba wayang'ana. Kupambana kakhumi mpikisano wosalembedwa paliponse sikufanana ndi kukhala wachisanu pa wolembedwa.

Kuli njira ina yachilendo. Jay Vine wa ku Australia anapeza kontirakiti mu 2020 atapambana Zwift Academy, mpikisano wopalasa uli m'nyumba, njinga italumikizidwa ndi intaneti, ndipo mu 2022 anapambana zigawo ziwiri za Vuelta. Imafuna makina odula, magetsi osathimathima ndi intaneti yolimba, ndiye mukudziwa nokha pamene pagona vuto. Atsikana musadzione otsalira: Kim Le Court wa ku Mauritius anapambana mpikisano wa ku Belgium wa Liège-Bastogne-Liège mu 2025, n'kuvalanso malaya achikasu a wotsogola mpikisano pa Tour de France ya akazi chaka chomwecho.

Ku Ulaya

Palibe kuchitira mwina, ntchitoyi likulu lake ndi Belgium, France, Italy, Spain ndi Netherlands. Ku Flanders, chigawo cha Belgium, m'chilimwe kumakhala timipikisano ta m'midzi totchedwa kermesse pafupifupi tsiku lililonse, tozungulirazungulira m'tinjira topapatiza. Miyezi yoyamba mudzasiyidwa ndi anthu amene pachitunda mukanawasiya kutali. Makona ndi ochuluka, misewu ina ndi yoyala miyala, mvula ndi yozizira ngati madzi a mufiriji, ndipo aliyense akulimbirana malo ndi zigongono. Walira mvula walira matope. Pirirani, muike cholinga chongomaliza, kenako chomaliza m'gulu loyamba.

Viza wamba yolowera m'maiko amenewa, ya Schengen, imakulolani masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, pamene nyengo ya mipikisano imayamba mu Febuluwale mpaka Okutobala. Opalasa ambiri a mu Africa ataya mwayi pa chifukwa chimenechi chokha. Musanavomere timu iliyonse, funsani kuti chilolezo chokhala nthawi yaitali akukonzereni ndani. Chingerezi chilimbitseni, Chifalansa phunziraniko pang'ono, ndipo phunzirani kudziphikira. Munthu akakuuzani pa Facebook kuti mumutumizire ndalama akupezereni timu, ndi wakuba. Ma ejenti enieni ali ndi chilolezo cha UCI, ndipo amadya pa kontirakiti imene akupezerani.

Kontirakiti, ndi ntchito imene mudzagwire

Matimu ali pamakwerero atatu. Pansi pali a Continental, amene ambiri amangokupatsani njinga, zovala ndi ya thiransipoti. Pakati pali ma ProTeam. Pamwamba pali matimu 18 a WorldTour, kumene malipiro otsikitsitsa a munthu wozolowera amapitirira mayuro 40,000 pa chaka, ndipo a woyamba kumene amacheperako. Kuyambira pa 1 Ogasiti matimu aakulu amaloledwa kutenga achinyamata oti awayese mpaka kutha kwa nyengo. Mukaitanidwa, imeneyo ndiyo intavyu yanu. Wachinyamata wolowa koyamba amayenera kupatsidwa kontirakiti ya zaka ziwiri. Iwerengeni ndi munthu wodziwa malamulo, makamaka za inshuwalansi, za matikiti obwerera kumudzi, ndi zoti muli wolembedwa ntchito kapena wodzilipirira nokha msonkho. Matimu amakhalira ndalama za makampani owathandiza, ndipo kampani ikachoka timu imafa. Timu ya Delko, yoyamba ya Girmay ija, inatha mu 2021. Ya Qhubeka inathanso kumapeto kwa chaka chomwecho.

Tsono chimene sakuuzani pa TV ndi ichi. Pa Tour de France timu imakhala ndi anthu 8, ndipo woti apambane amakhala mmodzi, mwina awiri. Otsalawo Afalansa amawatcha domestique, kutanthauza wantchito wapakhomo. Dzuwa lili pamutu, chigulu chikuthamanga makilomita 45 pa ola, wailesi ya m'khutu imati madzi atha. Mumatsika mpaka kumapeto, n'kukweza dzanja, galimoto ya timu n'kufika pambali panu. Mumalandira mabotolo, kulowetsa kumsana m'kati mwa malaya, ena m'matumba, lina kuluma ndi mano, mpaka mumaoneka ngati kamba. Kenako mudutse anthu 170 kuti mukagawire anzanu kutsogolo. Tayala la mtsogoleri likaphulika mumamupatsa lanu, mwina njinga yonse, inu n'kutsala m'mbali mwa msewu. Ambiri amapuma ntchito osapambanapo mpikisano ndi umodzi womwe, koma amakhala zaka khumi akulandira malipiro abwino chifukwa ndi odalirika. Mphoto ya wopambana Tour, mayuro 500,000, mwamwambo imagawidwa kwa timu yonse. Dziwani msanga kuti ndinu wamtundu wanji, wokwera mapiri, wa liwiro la kumapeto, kapena wokoka chigulu pachigwa, ndipo mukhale katswiri pa chimenecho.

Mankhwala

Chilichonse chopezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu, kaya munachidziwa kaya ayi. Chilango cha mankhwala oletsedwa ngati EPO, owonjezera magazi, ndi zaka zinayi, ndipo Lance Armstrong analandidwa zipambano zake zonse zisanu ndi ziwiri za Tour mu 2012. Koma chimene chingakugwetseni inu si EPO. Ndi mapiritsi a chimfine ogula pagolosale, ufa wa ochita masewera olimbitsa thupi wosadziwika kumene wachokera, kapena kabotolo ka zitsamba "zopatsa mphamvu" ka mumsika. Ngakhale tramadol, amene anthu amamwa ngati panado, ndi woletsedwa pampikisano. Nairo Quintana anafufutidwa pa zotsatira za Tour ya 2022 chifukwa cha iye. Musamwe kanthu musanafunse dokotala wa timu. Mukafika pamwamba muzidzalemba kumene muli tsiku lililonse, ndi ola limodzi limene oyeza angakupezeni pakhomo. Akakusowani katatu pa miyezi 12, ndi mlandu. Mukabwera kutchuthi kumudzi kopanda manambala a nyumba, alembereni malangizo omveka, mpaka mtengo wa mango wa pamphambano.

Ikadzatha

Mudzagwa, ndipo mwina mudzathyola fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa, lomwe opalasa njinga amathyola kawirikawiri. Tsoka lina limabwera mosekesa. Girmay atapambana chigawo cha Giro d'Italia mu Meyi 2022, chotsekera botolo la vinyo wa chikondwerero chinamuthawira m'diso ali pansanja, ndipo mawa lake sanapitirize mpikisano. Alejandro Valverde anapalasa mpaka zaka 42, koma ambiri amaima asanafike 35, ndipo ochuluka zedi amabwerera kwawo ali ndi 23, under-23 itatha popanda wowaitana.

Choncho MSCE malizani, ndipo pamene muli m'timu tsegulani maso. Adrien Niyonshuti wa ku Rwanda, amene anapalasira MTN-Qhubeka, anatsegula sukulu ya njinga ya ana kwawo ku Rwamagana. UCI imaphunzitsanso makochi, amakaniko ndi oyimbira mipikisano ku Aigle konkuja. Timu iliyonse imayenda ndi anthu osisita minofu, ophika, oyendetsa basi ndi amakaniko amene madzulo alionse, opalasa akudya, amakhala kuseri kwa hotela ndi payipi ya madzi, kutsuka njinga iliyonse, kuyang'ana tcheni, mabuleki ndi matayala, kuti m'mawa zipezeke zitandandalikidwa pafupi ndi basi. Ambiri mwa iwo anayamba ngati inu, akufuna malaya achikasu.